Ndodo Imene Ndinasiya Kuseri kwa Chitseko

Lachitatu, pa 6 Novembala

Okondedwa mwana wanga ndi onse a m'nyumba mwako,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu kumeneko, iweyo, mpongozi wanga ndi mapasa. Ngati muli bwino, mtima wanga uli m'malo. Kuno tadzuka. Chifuwa chija chinatha, koma bondo lakumanzere likundizunza masiku ano kuposa kale, ndipo chifukwa chake uchimva kutsogoloku.

Usadabwe kulandira kalata pamene foni ilipo. Pa foni mawu amathamanga, munthu usanafike kumene umalowera wamva kale mnzako akuti, "Chabwino Bambo, tidzachezanso." Nkhani ya lero ikufuna kuyenda pang'onopang'ono ngati mmene ndikuyendera inemu. Ndiye ndapempha mlongo wako kuti andigwirire cholembera, poti ine kusukulu ndinangosuzumirako, ukudziwa. Atamva kuti kalatayi ikubwera kwa iwe anakana. Anati, "Bambo, ndikulemberani yopita kwa wina aliyense, ngakhale kwa galu wa aneba uja, koma kwa achimwene ayi." Ndamuuza kuti dzanja ndi lake koma mawu ndi anga. Tapangana kuti alemba chilichonse chotuluka m'kamwa mwanga, osachotsapo, osakongoletsa, ngakhale chimuwawe. Wavomera. Wakhala pa tebulo la m'khitchini, mbali ya zenera pamene mayi ako ankakhala posoka, makope a ana a sukulu wawakankhira uko. Za nkhope yake usafunse.

Ndikudziwa kuti papita masabata awiri asakuyankha foni zako. Nkhaniyi iwe unaimva mwa zidutswa, ndiye ndiyambire poyambira.

Mwezi wa Seputembala a khonsolo ya mzinda anamata chikalata pa laibulale ndi pakhomo la ofesi yawo, kunena kuti mpando umodzi watsala wopanda munthu mu komiti ya alangizi a za chilengedwe. Amenewa ndi anthu asanu ndi awiri amene amakumana kamodzi pa mwezi n'kumalangiza akuluakulu a mzinda pa za mitengo, utsi, zinyalala, mitsinje ndi ngalande. Mmodzi wa iwo, mkulu wina woyeza malo, anadwala n'kusamukira kwa mwana wake, ndiye pankafunika wolowa m'malo mwake. Ntchito yake ndi yongodzipereka, salandira kanthu. Mlongo wako atakuuza kuti walemba fomu, ndinakumva ukuseka pa foni, unati, "Aphunzitsi, ndiye mukulimbirana ntchito yolipidwa ndi tiyi?" Inenso ndinaseka nawo, koma m'kati mwanga munali zina.

Analembera anthu khumi ndi mmodzi. Anasankhamo atatu oti akafunsidwe mafunso: loya wina, mkulu wina wa madigiri awiri, ndi mwana wanga. Lemba bwino pamenepa, mayi. Mwana wa munthu amene anatha zaka makumi atatu ali m'ngalande za mzinda uno, madzi akuda ali m'chiuno, akukoka zinyalala zimene anthu ena anataya. Tsiku limene kalata yake inabwera ndinamupempha kuti andiwerengere katatu. Kachitatuko anati, "Bambo, mawu ake sasintha ayi." Kenako anandiloza ndi chala ngati ndine mwana wa m'kalasi mwake, nati, "Ndipo izi ndi zanga, musalowererepo." Ine ndinati, "Ndilowerere bwanji ine wosadziwa n'komwe kulemba?"

Patapita masiku kunabwera kalata yachiwiri. Inati dzina lake laimitsidwa kaye, chifukwa wachibale wake wina anayesa kumuyankhulira kwa a komiti, zimene malamulo olembedwa kuseri kwa fomu amaletsa. Anamupatsa mpaka Lachisanu lino, mkuja, kuti akafotokoze. Mlongo wako sanachedwe kupeza wolakwa. Anakumbukira kuti iwe unanena kuti Wamagalasi, mnzako wa kusukulu uja, ali mu komiti yomweyo, ndipo ungathe kumuimbira. Iye anakuletsa. Ndiye kalatayo itafika anati, "Achimwene samva. Akuganiza kuti popanda anzawo apamwamba ine sindingafike kulikonse." Iwe poyamba unakana, iye sanakhulupirire. Tsopano akuti mkuja sakafotokoza kanthu, angokachotsa dzina lake. Akuti sangakaime pamaso pa anthu kupepesa za mchimwene wake ngati iye ndi wolowera pa zenera.

Mpando umenewu akuufuna, mwana wanga, asakunamize. Ndakhala ndikumuona. Amabwera kuchokera kusukulu atatopa, n'kukhala pompano kumawerenga za mmene madzi amayendera pansi pa misewu. Chaka chatha madzi analowa m'nyumba za kumunsi kwa kalavati wathu, ana atatu a m'kalasi mwake anabwera opanda makope, onse atanyowa n'kuwola. Sanaiwale.

Apa ndikufuna ndikukumbutse nkhani yakale imene unaimva kambirimbiri. Mlongo wako wapumira m'mwamba, akuti, "Ya malume ija?" Eee, yomweyo. Lemba.

Pa nthawi yathu, m'gulu la okonza ngalande munthu sankangobwera yekha n'kuyamba ntchito. Ntchito yake ndi ya m'maenje, moyo wako uli m'manja mwa amene wagwira chingwe pamwamba. Ndiye watsopano ankabwera ndi wamkulu womuimira. Wamkuluyo ankatenga chida chake chimene amachidalira n'kuchisiya kwa kapitawo ngati chikole, kutanthauza kuti, "Uyu ndi wanga, ndikumudziwa. Akathawa ntchito kapena akasiya mnzake m'dzenje, chidachi chisabwerere." Chinkakhala kwa kapitawo mpaka watsopanoyo atamaliza nyengo yake yoyamba ya mvula. Ine malume anandisiyira piki yawo, n'kugwira miyezi isanu ndi yobwereka yogwedera mpini. Pobweza pikiyo kapitawo sananene zambiri, anangoti, "Madala, tengani, mwana wanu ndi munthu." Mpaka lero sindinamvepo mawu okoma kuposa amenewo.

Ndodo yanga ukuidziwa. Unali mpini wa khasu langa loyamba lokokera zinyalala, wautali kufika paphewa. Chaka chilichonse, tsiku la mvula yaikulu, ndimapita nayo pa kalavati wa kuseri kwathu, kuiimika pamalo amodzimodzi, n'kudula mzere ndi mpeni pamene madzi afika. Manambala a zaka sindimawatha, ndiye pambali pa mzere ndimaikapo chizindikiro cha zimene zinachitika chaka chimenecho. Pali kanyenyezi ka chaka chimene unabadwa iwe, kamaluwa ka mlongo wako, kamtanda ka mayi ako, timadontho tiwiri ta mapasa. Ngakhale nditapuma ntchito sindinasiye. Mizere ilipo makumi atatu ndi inayi. Ena ali ndi masatifiketi pa khoma, ine ndili ndi imeneyo.

Sabata yatha mlongo wako anandifunsa kuti ndodo ili kuti, poona ndikugwira makoma poyenda. Ndinamuuza kuti ili kwa kalipentala, yang'ambika kunsonga. Sinang'ambike. Palibe kalipentala.

Mayi, usandiyang'ane ine, yang'ana pepala.

Lachiwiri la sabata imene anasankhidwa pa atatu aja, iye atapita kusukulu, ndinavala jekete la pa ukwati wako ndi nsapato zakuda zija zimene zimandiluma, ndinapukuta ndodo ndi mafuta, n'kukwera basi. Ndinkangoganiza za loya ndi wa madigiri. Ndinati amenewo ali ndi owaimira ambirimbiri, nanga wanga alowe yekha ngati mwana wamasiye, bambo ake ali moyo?

Pa geti la ofesi ndinapeza kuti mlonda wake ndi Chipewa, amene tinkagwira naye ntchito ku ngalande kale asanathyoke msana. Anati, "Aa, a Ngalande! Mukadali moyo? Ife tinkayesa madzi anakukokololani."

Ndinati, "Madzi amandidziwa iwe, sangakokolole bwana wawo."

"Ndiye jeketeli? Mukukafunsira?"

"Ndabwera kudzaimira mwana."

Iye anavula chipewa chake n'kundilozera khomo. Anamva msanga, poti ndi wa gulu lathu.

M'katimo muli chipinda chaching'ono cha makabati achitsulo, ndi mayi mlembi wa komiti, wamng'ono kwa mlongo wako, waulemu kwambiri. Anandipatsa mpando, nati, "Agogo, tikuthandizeni chiyani?" Ndinatchula dzina la mlongo wako, n'kuyamba kufotokoza kuti ndi mwana wotani, kuti ali ndi zaka zisanu ndi zinayi ankandigwirira ndodo pa kalavati mvula ikumumenya, osalira.

Mayi uja anakweza dzanja. "Agogo, chonde musapitirize. Chilichonse chimene munganene ndiyenera kuchilemba."

Ine ndinakondwa. Ndinati, "Lembani, mayi, ndi chimene ndabwerera."

Kenako ndinaika ndodo pa tebulo lake ndi manja awiri, ndikuti, "Iyi ikhale kuno kwa akuluakulu, m'malo mwa mwana wanga."

"Sindingalandire kanthu, agogo. N'zosaloledwa."

"Simukulandira, mukusunga."

"Ngakhale kusunga. Chonde itengeni."

Ndinkayesa ndi ulemu chabe, mmene munthu amakanira kawiri asanavomere. Foni yake italira, iye atatembenuka, ndinaimika ndodo kuseri kwa chitseko n'kutuluka. Ndinayenda mpaka pokwerera basi ndikutsimphina, koma mutu uli m'mwamba ngati ndamanga nyumba ya nsanjika.

Ndiye mwana wanga, wachibale amene akunenedwa m'kalata ija ndi ine. Iwe ulibe mlandu.

Mlongo wako waima kulemba. Lemba mayi, tinapangana. Lemba kuti waima. Lemba kuti Lolemba ndinabwererako kukawauza kuti iwe wondilemberawe sunadziwe kanthu, ndipo mayi mlembi anati mawu apakamwa sakwanira, pakufunika kalata yosainidwa ndi ine pofika Lachisanu, ndipo ndodo ili m'kabati yokhoma ataimangirira kapepala. Ndikanatha kupita kwa aneba kuti andilembere, koma ukanadzamva manyazi a bambo ako kuchokera kwa anthu a mumsewu. Katatu ndayesa kukuuza pamaso, pakamwa pakumauma. Ndiye ndinati ndikauza mchimwene wako, iwe uli

Lamlungu, pa 10 Novembala

Tikupitiriza. Uona kuti inki yasintha mtundu. Cholembera chija chinagwera kuseri kwa kabati ya mbale, ndipo sindinena kuti chinafikako bwanji. Mlongo wako akuti ndinene. Chabwino, anachiponya.

Lachitatu lija anaimirira mpaka mpando unagwa chagada. Anati, "Bambo! Masabata awiri! Ndakhala ndikunyoza achimwene pa tebulo lomweli, inu muli phee kumatakasa shuga mu tiyi!"

Ndinati, "Ndinkaopa."

"Munkaopa ndani?"

"Iwe."

Anandiyang'ana, n'kutuluka osavala n'komwe nsapato zoyendera. Ndinadikira kufikira tiyi atazizira. Kenako ndinamulondola, poti ndinkadziwa kumene wapita. Kuchokera pakhomo pathu kufika pa kalavati ndi pafupi, koma wopanda ndodo ndinapuma kanayi, ndikugwira mpanda wa aneba, galu wawo akundinena. Ndinamupeza atakhala pa khoma la simenti, akuyang'ana mabotolo ndi mapepala apulasitiki amene atsekanso theka la kamwa la kalavati.

Osatembenuka anati, "Mwabwera bwanji ndi bondo limenelo?"

"Ndi lomwelo."

"Khalani pansi musanagwere m'menemu, n'kundiwonjezera milandu."

Ndinakhala. Kenako anati, "Mukudziwa chimene chikundiwawa? Ndinkafuna ndikalowe ndekha. Moyo wanga wonse ndine mlongo wake wa uje, mwana wa a Ngalande. Kamodzi kokha ndinkafuna akandione ineyo."

Ndinangoti, "Ndinalakwa, mayi."

Anatola kamwala n'kuponya m'madzi. "Chikole chanucho. Munthu akalephera ntchito, chida chimabwerera kwa mwini wake?"

"Sichibwerera."

"Ndiye munali okonzeka kuitaya ndodo ija? Ya kamtanda ka amayi?"

Ndinamuuza zoona. Ndinati, "Zoti ungalephere sizinandibwerere m'mutu n'komwe."

Apa anabisa nkhope m'manja, mapewa akugwedezeka, ndipo sindikudziwa ngati ankalira kapena kuseka. Iye akuti zonse ziwiri. Pobwerera anandigwira mkono njira yonse akundikalipira, kuti ndine nkhalamba yosamva, kuti mutu wanga ndi wouma kuposa simenti ya kalavati. Sindinatsutse. Mkono wake unali wofunda.

Lachinayi tinalemba kalata ya ku komiti. Iye ankafuna kuikamo mawu akuluakulu a kusukulu, ine ndinakana, ndinati akamva mawu amenewo adziwa kuti si ine. Inatuluka yaifupi. Inanena kuti ndinapita ndekha, mwana wanga atandiletsa, kuti ndodo sinali mphatso koma chikole monga tinkachitira ku ngalande, kuti malamulo a kuseri kwa fomu sindinawadziwe koma mawu a mwana wanga ndinawamva n'kuwaphwanya. Pamapeto ndinasaina ndekha. Dzina langa ndi chinthu chokhacho chimene ndimatha kulemba, ndipo linanditengera nthawi, thukuta lili kamukamu, koma linatuluka loongoka.

Lachisanu tinapita awiri. Chipewa atationa anati, "A Ngalande, mwabwera kudzawombola?" Mlongo wako anamuyang'ana mwakuti chipewa chinavuka chokha.

Anatilowetsa m'chipinda cha tebulo lalitali. Anthu asanu ndi mmodzi anakhala mbali imodzi, pakati pali amayi apampando, dokotala wopuma ntchito, wa imvi ngati zanga. Tisanayambe, Wamagalasi anaimirira. Anati banja lathu amalidziwa kuyambira ali mwana, anadyapo m'nyumba mwathu, ndiye sayenera kuweruza nawo nkhaniyi. Anawonjezera kuti iwe sunamuimbirepo foni chaka chonse chino, ngakhale kumufunsa za moyo, ndipo adzakufunsa chifukwa chake. Atatero anatuluka. Mlongo wako anaweramitsa mutu.

Mayi mlembi anawerenga kalata yanga. Amayi apampando anavula magalasi, nati, "Bambo, mukudziwa kuti munatsala pang'ono kumutayitsa mwana wanu mwayi umenewu?"

Ndinati, "Ndikudziwa, mayi. Ndakhala ndikudziwa masabata awiri, tulo osabwera."

"Lamuloli tinaliika kuti mwana wa munthu wopanda dzina ndi mwana wa munthu wotchuka alowe pakhomo limodzi. Likuteteza anthu ngati mwana wanuyu."

Zimenezo zinandilowa. Ine ndinkayesa kuti ndikumuthandiza kulimbana ndi akuluakulu, osadziwa kuti ndikuthyola mpanda umene unamangidwira iye. Ndinati, "Mukalanga, langani ine. Ndodoyo itsale konkuno, musabweze. Koma dzina lake libwerere."

Anatitulutsa, anakambirana. Anayi anavomera, mmodzi anakana. Wokanayo ndi bambo wina wowonda, wa za mankhwala ophera tizilombo, amene anati lamulo likapindidwa kamodzi limazolowera. Sindikumuda. Kapitawo wabwino amakhala wotero.

Mafunso anachitika masana omwewo. Ine anandikhazika pa benchi ya panja, ndipo anandiuza kuti ndikangotsokomola mokweza anditulutsa kunja kwa geti. Loya analowa ndi chikwama, anatuluka. Wa madigiri analowa ndi makina oonetsera zithunzi pa khoma, anatuluka. Onse anandipatsa moni mwaulemu, ndipo ndinachita manyazi kuti ndinkawaganizira zoipa. Kenako analowa wanga, atangonyamula kope limodzi lakale lachikuto chong'ambika. Sindinalizindikire msanga. Ndi lija analembamo ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, pamene ankandifunsa chizindikiro chilichonse cha pa ndodo n'kumalemba chaka chake. Kani anapitiriza kulembamo zaka zonsezi osandiuza.

Za m'katimo sindinazione, ndipo mlongo wako akukana kuzifotokoza, akuti n'kudzitama. Ndiye ndinena mmene anandiuzira Chipewa, amene anaitanidwa kukatsegula zenera louma n'kuchedwa nalo dala. Akuti anamufunsa kuti vuto lalikulu la mzinda uno ndi chiyani, iye n'kunena kuti madzi a mvula alibenso kolowera. Bambo wowonda uja anati, "Zimenezo aliyense amanena. Umboni uli kuti?" Mlongo wako anati, "Uli m'kabati mwanumo, mwaumangirira kapepala." Amayi apampando anaseka, nati poti enawo anabwera ndi zooneka, nayenso aloledwe.

Ndiye anaimika ndodo pansi n'kuyamba kuwerenga. Anawasonyeza kuti zaka khumi ndi zisanu zoyamba mizere yonse ili m'munsi mwa bondo. Anawasonyeza kagalimoto kamene ndinajambula chaka chimene anakwirira dambo la kumtunda n'kuthirapo simenti yoimikapo magalimoto, ndi kuti kuyambira pamenepo mizere inakwera kufika m'chiuno. Anawasonyeza wa chaka chatha, umene watsala zala zinayi kuti ndodo ithe. Wowonda uja anafunsanso, "Tidziwa bwanji kuti inkaima pamalo amodzi zaka zonsezi?" Iye anati, "Bambo anga anaboola kadzenje pa simenti ndi tchizulo, ndodoyi imalowa ndendende. Ndi mphindi khumi pa basi. Tiyeni mukaone, koma muvale nsapato zoti simuzikonda."

Chipewa anatuluka akupukusa mutu, anati, "A Ngalande, mwana ameneyu sankafuna womuimira. Inuyo ndi amene mukufunika wokuimirani."

Dzuwa likupendeka anatiitana tonse. Mpando ndi wake, mwana wanga. Akhalapo zaka ziwiri zimene zinatsalira mkulu woyeza malo uja. Ndipo povota, dzanja loyamba kukwera linali la bambo wowonda uja. Ine ndinafuna kunena mawu, koma mlongo wako anandiponda chala cha phazi, pa nsapato yoluma ija.

Andipatsa malamulo. Ku ofesi ya mayi mlembi ndisakapondekonso pa nkhani za mwana wanga. Koma misonkhano yawo ndi yotsegukira aliyense, pali benchi ya anthu wamba, ndipo munthu amaloledwa kuyankhula mphindi zitatu. Ndayamba kale kuyeserera ndi wotchi ya m'khitchini. Dzulo mphindi zitatu zinatha ndisanamalize kupereka moni.

Ndodo anandibwezera. Ndinawauza kuti mwa malamulo athu imayenera kutsala mpaka amalize mvula yake yoyamba, koma amayi apampando anati kabati ya khonsolo si ya kapitawo. Poipereka m'manja mwanga anati, "Tengani bambo, mwalera bwino." Si mawu enieni aja a kapitawo, koma ndi apachibale. Ndinayang'ana kudenga nthawi yaitali ngati ndikufufuza podontha.

Chaka chino mzere wa makumi atatu ndi isanu adula ndi mlongo wako, poti dzanja langa layamba kunjenjemera ndikagwira mpeni. Tikukangana za chizindikiro. Ine ndikuti kampando, iye akuti chitseko.

Zopempha zanga ndi ziwiri. Ngati kumeneko kuli magambuti abwino, a mphira wokhuthala, utumize a mlongo wako, phazi lake ndi lofanana ndi la mayi ako. Anga akale ndi aakulu, angamuvukire m'matope pamaso pa a komiti. Chachiwiri, umuimbire Wamagalasi, koma za moyo wake basi.

Kwatsala chimodzi, chimene ngakhale wondilemberayu sakuchidziwa. Gwira cholembera bwino mayi, chachitatu tilibe.

Mwana wanga, ndikudziwa kuti unadziwa. Lamlungu lija, kalata yachiwiri itangobwera kumene, unandiimbira, ndipo ndinkayenda m'nyumba tikucheza. Unati, "Bambo, bwanji sindikumva ndodo ikugogoda pansi?" Ndinati ili kwa kalipentala. Iwe unati, "Bambo, mwaisiya kwa kapitawo uti?" Ine ndinadula foni, n'kudzanamizira kuti yatha moto. M'mawa mwake mlongo wako analandira uthenga wako wakuti, "Ndikhululukire mlongo wanga, ndinalakwitsa." Anandiwerengera pa tebulo lino, nati, "Mwaona Bambo, avomera." Ine ndinatakasa tiyi.

Unasenza mlandu wa bambo ako kuti nkhalamba isachite manyazi pamaso pa mwana wake wamkazi. Ine ndinasiya ndodo, iwe unasiya dzina lako. Sindinakupemphe, ndipo sindinakuthokoze, ndinangokusiya nawo. Undikhululukire. Ukabwera tidzakhala pa khoma la kalavati ndidzanene ndi pakamwa panga, ngati sipadzauma.

Mlongo wako wapita kukatsuka kapu imene inali yotsuka kale. Wabwerako.

Upereke moni kwa mpongozi wanga, umuuze kuti juzi ija ndikuvala ndipo anthu akundisirira. Mapasa uwagwire mitu m'malo mwanga, uwauze kuti timadontho tawo tikadalipo pa ndodo, ndipo akadzabwera adzaima pambali pake tione ngati apitirira madzi a chaka chatha. Chipewa akupereka moni, akuti ukadali ndi mutu waukulu uja? Aneba akupereka moni. Mayi ako akanakhalapo akanandikalipira sabata yathunthu, kenako akanavala chovala chawo chabwino kukakhala kutsogolo pa benchi ya anthu wamba.

Watsala moni umodzi, ndipo umenewu si wanga woti ndilamule. Pangano lathu loti alembe zonse zotuluka m'kamwa mwanga lathera pano. Ndamuuza kuti m'munsi mwa dzina langa asiye malo, ndipo akafuna asiye opanda kanthu. Ine kuwerenga sinditha, sindidziwa chimene aikepo. Udzandiuza ndiwe.

Ndine bambo ako okukonda,
amene anzanga amati a Ngalande

Achimwene, magambutiwo akhale nambala sikisi. Lamlungu likubwerali mukaimba, imbani pa foni yanga. Ndiyankha isanalire kawiri.

Mlongo wanu, wolipidwa ndi tiyi